Kuletsa Amake Dalitso Mpira

Lolemba

Basi, zakwana. Sabata ino amake Dalitso asiya mpira. Ndatero ine mwamuna wawo.

Chiyambire matipati zinthu zasokonekera pa Njuli pano. Poyamba mabuluku. Tsopano makabudula! Azimayi athunthu, ena a ana atatu, kumathamangitsa chikopa pabwalo la sukulu. Osati ntchemberembaye ayi, mpira wamiyendo weniweni. Dzina adzipatsa kale, Nandolo Sisitazi, poti onse amagulitsa nandolo pamsika. Loweruka akuti kukubwera timu ya ku Limbe.

Pashedi yanga yokonzera njinga sindikupuma. Aliyense wobwera ndi chubu chake: "Aise, akazako aja ndawaona mawondo."

Pulani:
- kukana kuwapopera mpira
- kukadandaula kwa atsibweni awo
- zikavuta, kwa akulu a mpingo

Pofika Lachinayi zikhala zitatha.

Lachiwiri

Azimayi aja abwera anayi, mpira uli m'chitenje ngati mwana wodwala. Waphwa. Zigamba zokhazokha. Ine nkhope gwa: pampu yafa.

Kaputeni wawo, a Felesiya: "Palibe kanthu alamu, tipita kwa wa ku Namadzi uja. Akuti ndiye amadziwa kumata."

Wa ku Namadzi? Uja amamanga chubu ndi luzi? Ndatulutsa pampu. Ndamata, ndasoka, ndapopa. Mpira wauma ngati mwala.

A Felesiya akuuyesa. Pachifuwa, pabondo, paphazi, pabondo, pamutu, osagwa pansi, uku akundifunsa ngati Dalitso wachira chifuwa. Pakamwa panali pululu.

Njira yoyamba yafa. Ndaipha ndekha.

Lachitatu

Kwa atsibweni. Ine ndine mkamwini pamudzi pano, mawu anga amalemera akadzera mwa iwo. Ndavala jekete.

Ndawapeza akusenda mabulugamu. "Mwafika bwino akamwini, gwirani uko." Ndagwira. Tanyamula. Ulendo wa kusukulu. Tikukumba, tikudzala, tikukhomera mtanda pamwamba.

Magolo!

Nkhani yanga ndaiyamba ndili pamwamba pa mtanda, misomali ili kukamwa. Iwo: "Mwana ameneyu ali wamng'ono ankandiswera maungu ndi phazi. Ine kumamukwapula. Ndikanadziwa!"

Jekete yang'ambika kukhwapa.

Lachinayi

Akulu a mpingo. Andilandira bwino, tiyi ndi mbatata. Akuvomera chilichonse. Makabudula: "Zoona." Mawondo: "Zachisoni ndithu." Mtima wanga ukuyera.

Kenako akutsitsa mawu: "Komatu abale, tidikire lidutse Loweruka. Amayi kunoku ndi amene ali pagolo."

Akazi awo! Oyambitsa nyimbo pamaliro aja! Goloboyi! Kapena tiziti gologelo?

Kunyumba amake Dalitso akusenda nandolo pakhonde, osadzutsa mutu. "Mwayenda bwanji kwa akulu a mpingo?"

Wawauza ndani?

Lachisanu

Pulani yatsopano: ndikaone ndekha, ndipeze umboni. Ndabisala kuseri kwa chimbudzi cha sukulu.

Zomwe ndikuona:
- nsapato, palibe ndi mmodzi yemwe
- makanda agonekedwa pansi pa mtengo wa mango, apongozi anga akuwaingitsa ntchentche
- wenzulo kulibe, atsibweni akuliza mluzu wa zala
- a Felesiya aimitsa masewero kuti akayamwitse, onse akudikira
- amake Dalitso

Mayo ine. Anthu awa ndagona nawo nyumba imodzi zaka zonsezi. Anthu oyenda mwaulemu ndi ndowa pamutu, ogwada popereka madzi. Koma mpira ukafika paphazi lawo lamanzere umachita kumva ngati akuuyankhula Chilomwe. Njomba imodzi, wina wakhala pansi. Ina, awiri agundana mitu. Kenako phuu! Mtanda womwe ndinakhoma ine wanjenjemera, mpira uli m'chimanga cha aphunzitsi.

Wina wakuwa "Chigoliii!" kuseri kwa chimbudzi.

Ndi ine. Onse atembenuka.

Loweruka

A ku Limbe afika pa minibasi. Jezi zofanana, jombo, masokosi ofika m'mawondo. Athu avala masikipa a amuna awo, manambala olemba ndi makala. Yanga ya buluu ija ndi namba naini.

Anthu! Njuli yonse, a ku Boma, a ku Namadzi panjinga. Msika watsekeka wokha. Aja ankaseka za mawondo akwera mumtengo kuti aone bwino.

Chigawo choyamba atimwetsa zitatu. Ndikufuna kupita kunyumba, miyendo ikukana. Kenako penate. Amayi a pagolo auluka chammbali ngati alibe mafupa, augwira! Akulu a mpingo aponya chipewa m'mwamba. Mpaka pano sichinapezeke.

Chigawo chachiwiri. Kona ya amake Dalitso, hedi ya a Felesiya, chalowa! Kenako amake Dalitso okha kuchokera pakati pabwalo, mapazi opanda kanthu pakati pa jombo. Wina awaponda. Agwa, adzuka, akutsimphina, mpira osausiya. Phuu! Nthungululu mpaka phiri layankha. Apongozi akuvina ndi makanda awiri a eni ake.

Tagonja zitatu kwa ziwiri. Palibe amene akudziwa kuti tagonja.

Bambo wina wa tayi, wobwera ndi a ku Limbe, akuti m'tauni akufuna kuyambitsa ligi ya amayi, ndipo Nandolo Sisitazi ilowe. Akuti kutsogoloku azidzalandira pamwezi ngati aphunzitsi. Mwina mpaka kukwera ndege. Ndege! Amake Dalitso!

Wa tayi uja: "Mwamuna wa namba naini ndi uti?"

Ndakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

Lamulungu

Ulaliki sunamveke. Akulu a mpingo mawu anathera kubwalo dzulo.

Ligi ija kaya ibweradi, kaya ndi nkhani za tayi chabe. Jombo tilibe, ya minibasi tilibe. A Felesiya akuti aliyense azisonkha nandolo. Atsibweni ayamba kale kufunsa za ukonde.

Amake Dalitso sanapite kutchalitchi, phazi latupa. Akundiyang'ana chammbali: "Abambo ake Dalitso, paja mumati ndisiye?" Ndati nkhani imeneyo tidzakamba mpira ukadzatha. Sindinanene chaka.

Ndatereka madzi ndekha, anthu odutsa akuona. Aone. Ndikuthowa phazi, lamanzere lija. Ming'alu, chikhadabo chakuda, dothi la bwalo likadali pakati pa zala. Phazi wamba ndithu.

Ndikuligwira ndi manja awiri.