Khonde Limene Ndinkamangira Bambo

Lolemba

Tchuthi chayamba. Ana asukulu andichoka m'makutu, ndipo sabata ino ntchito ndi imodzi basi: khonde la matabwa kuseri kwa nyumba. Lokwera, la mizati inayi, mitanda pamwamba yoti magalagadeya azidzayangapo, ndi masitepe atatu otsikira kumunda. Ndinaliona pa loji ina mu tauni titapita ku maphunziro a aphunzitsi, ndipo chibwerereni mtima sunakhale pansi.

Ndi la Bambo. Chifereni mwendo ndi mkono wakumanja, miyezi isanu tsopano, sanatulukepo m'chipinda chawo. Kutsogolo kuli fumbi la msewu wa ku Nambuma, kuseri khomo ndi lalitali, pansi potsetsereka. Anamwino anati munthuyu aziwothera dzuwa, apo ayi afota ngati fodya m'chigafa.

Sindiwauza. Ndikufuna adzangoona latha. Akazi anga a Nabanda akuti, “Auzeni apongozi, si mwana.” Ndawayankha kuti sadziwa kukoma kwa chinthu chodzidzimutsa.

Zofunika:
matabwa a paini
mizati ya bulugama
misomali yaitali
oyilo wakuda wothira m'maenje, chiswe cha kuno sichiseka ndi munthu
kalipentala

Kalipentala ndi a Jailosi, wina kuno palibe. Ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi mabokosi a maliro, koma thabwa ndi thabwa. Ndiponso lusolo analiphunzira kwa Bambo omwe, kale Bambo ali mmisiri wa mudzi uno.

Matabwa afika masana pa ngolo. Ng'ombe zikuyenda monyinyirika, a Jailosi pambuyo, chipewa m'manja chifukwa cha mphepo. Amayi awiri pa mjigo asiya kupopa, atiperekeza ndi maso mpaka ngolo yakhota kulowa pakhomo. Nsanje, ndatero mumtima.

Lachiwiri

Vuto loyamba. Matabwa onse ndi odulidwa kale, mafiti sikisi sikisi, pamene ine ndinanena aatali. A Jailosi akuti, “Dzanja linazolowera, aphunzitsi.” Tizilumikiza.

Vuto lachiwiri. Tepi yoyezera akuti inatsala kwina, sakunena kuti kuti. Adula bango, akuyezera limenelo pansi, pang'onopang'ono, osaimba mluzu, osayankhula. Bango likuyeza dothi ndinaliona komaliza tikuika amalume. Ndawauza kuti ndili ndi lula ya kusukulu. Akuti bango silinama.

Tadula nthambi ziwiri za mango zimene zimatchinga dzuwa. Ndazikokera m'mbali mwa msewu kuti mbuzi zidye, mbuzizo zazikokera pakati. Pofika masana ndikuona akabaza akutsika, kukankha njinga mwakachetechete kudutsa pakhomo, kukakwera patsogolo. Wa galimoto wina wazimitsa nyimbo. Masamba pamsewu ndiye kuti pakhomopo pagwa zovuta, mwana aliyense amadziwa, inenso ndimadziwa, koma mutu wanga unali pa mizati. Ndawachotsa patapita maola atatu.

Madzulo maenje atha, mizati yaima, a Jailosi ayamba kukhoma. Ndalowa kwa Bambo ndi phala. Adya theka, kenako aika supuni pansi, khutu kuwindo.

“Kodi hamala imeneyo si ya Jailosi?”

Ndati ndi yomweyo, akukonza kenakake kuseri. Angoti, “Oo,” n'kutembenukira kukhoma.

Lachitatu

Ndadzuka ndapeza amayi asanu ndi mmodzi a mu mphakati wathu wa kutchalitchi atakhala pansi pafupi ndi khitchini, miyendo yotambasula, mipango kumutu. Wina wabwera ndi ufa m'mbale, wina nkhuni. Sakuyankhula. Ndawalonjera, andiyankha ndi mawu apansipansi aja.

Ndafotokoza bwinobwino ngati m'kalasi. Palibe chachitika. Bambo ali moyo. Ili ndi khonde, lokhalapo, kumwa tiyi. Ndajambula ndi kamtengo pansi.

Mayi wamkulu mwa iwo wagwedeza mutu. “Inde, aphunzitsi, khonde. Ife tingokhala nawo pano.”

Sanachoke. Akuti munthu miyezi isanu osaoneka, kenako matabwa, kenako masamba, kenako a Jailosi. Akuti zinthu zikafika poti mabokosi akukonzedweratu, banja silisiyidwa lokha.

A Nabanda sakundiyankhula. Akuphikira alendowo tiyi ndi shuga amene timasungira Bambo.

Matabwa apansi akhomedwa theka. Ntchito ndi yooneka bwino, ndisaname, koma phokoso lake! Sindinadziwe kuti hamala imalira chonchi pakhomo pali zii. A Jailosi amakhoma katatu, n'kupuma, katatu, n'kupuma. Nkhuku zonse zasamukira kwa aneba.

Bambo lero sanadye. Apempha madzi, apemphanso kuti suti yawo yakuda ichotsedwe m'sutikesi, iyanikidwe, isitidwe. Ndafunsa kuti mukupita kuti. Andiyang'ana ngati ndine wa sitandade wanu.

Lachinayi

Mitanda yakwera pamwamba pa mizati. Ndi yokongola. Ndapita kusitolo kukagula misomali ina, pobwera ndapeza anthu ayalapo udzu ndi mapepala akuda a pulasitiki, pansi pake pakhala abambo anayi, zipewa pa mawondo. Akuti chisakasa chabwino, cholimba, ena amadikira tsiku lenileni n'kumathamangathamanga. Ndati pamenepo ndi pa magalagadeya. Mmodzi wati, “Pepani, aphunzitsi.”

Chodzidzimutsa chija ndachisiya. Ndalowa kwa Bambo, ndakhala pa bedi, ndawauza zonse, loji, dzuwa, masitepe atatu. Ndaonetsa ndi chithunzi pa foni. Amvetsera mpaka kumapeto, maso kudenga.

Kenako akuti, “Ine ndinkati chitseko.”

Sindinamve. Afotokoza. Pa nthawi yawo, wodwala akatheratu, abale ankabwera mwakachetechete kuti amisiri yambani, mawa tingachedwe. Matabwa anali osowa, ankakhomera pomwepo kuseri kwa nyumba. Wodwala akamva hamala n'kufunsa, Bambo ankayankha kuti tikukonza chitseko cha khitchini. Akuti anauzapo anthu ambiri, ndipo palibe amene anachiona chitsekocho.

“Iwe wati khonde. Ndi masitepe omwe. Sukulu imathandiza.”

Ndalumbira. Ndatchula ndi malemu Amayi. Andisisita dzanja ndi dzanja lawo lamoyo lija, akuti usadandaule mwanawe, wachita zaulemu, paini ndi mtengo wabwino.

Phala labwerera osakhudzidwa. Nthochi yabwerera. Ndikuchita mantha tsopano, ndilembe poyera. Munthuyu anali wowonda kale.

Lachisanu

Masitepe. A Jailosi sanapangepo masitepe chibadwire, avomera okha. Ndawasiya kanthawi kochepa, ndapeza sitepe yoyamba yatha: yotambalala mbali imodzi, yopanikiza mbali inayo, ndi chivindikiro chake. Ndati phwasulani. Aphwasula, apanganso, yatuluka chimodzimodzi koma yaing'ono, imene yandiopsa kuposa yoyamba ija. Yachitatu ndaimirira pompo ndi lula mpaka yawongoka.

Ndawafunsa kuti mwina tisiye kaye kukhoma. Akuti tikasiya mwadzidzidzi anthu ayamba kulira, chifukwa hamala ikaleka ndiye kuti bokosi latha.

Ndiye tikukhoma chifukwa tikuopa kusiya.

Chakumasana alongo anga a ku Kasiya atsika pa njinga yamoto, ayamba kulira ali pamsewu, manja kumutu. Wina anawaimbira foni. Alowa m'nyumba akugwa n'kudzuka, apeza Bambo ali tsonga, akupesa ndevu. Alongo anga akhala pansi, kulira kwawathera pakamwa. Bambo akuti, “Wafulumira pang'ono, koma wachita bwino.” Alongo anga atuluka andikalipira ine, choyamba chifukwa chosawauza kuti Bambo amwalira, chachiwiri chifukwa chosawauza kuti sanamwalire.

Anthu pakhomo lero:
amayi a mphakati, awonjezekera
abambo a pa chisakasa
akwaya atatu, akuti angodutsa, koma mabuku a nyimbo ali m'manja
galu wachilendo, wagona pansi pa khonde, sakuchoka

A Nabanda aphika phala la mtedza, lija Bambo salikana. Alowa nalo okha, agwada. Ndamva mawu a Bambo ndili pakhomo. “Musawononge ufa, mayi. Muufuna kumapeto kwa sabata.”

Atuluka nalo, aliika pa tebulo, andiyang'ana. Sanatukwane. Bola akanatukwana.

Tsiku lachitatu Bambo osadya. Milomo yawo yauma, mawu akutuluka ngati akuchokera m'chipinda china.

Loweruka

Khonde latha mmawa. Palibe wandiyamikira.

Ndaganiza kuti maso sanama. Ine ndi a Jailosi tawanyamula Bambo pa mpando, kudutsa pabalaza, kutulukira khomo lakuseri. Apepuka ngati mtolo wa mapesi. Aumirira kuvala suti ija. Titangotulukira, anthu onse aimirira, ndipo akwaya ayamba nyimbo chapansipansi. Ndawaletsa ndi dzanja, atsitsa mawu koma osaleka.

Tawakhazika pakati pa khonde. Ndati onani Bambo, bokosi lalikulu chonchi munaliona kuti? Ayang'ana mizati, mitanda, masitepe. Awerama, apapasa thabwa, alowetsa chala pa mpata.

“Jailosi, mipata iyi ndinakuphunzitsa ndine? Dothi lilowa.”

A Jailosi apepesa. Apepesa! M'malo monena kuti mipatayo ndi yotulukira madzi a mvula, monga ndinawauzira ine.

Bambo akuti aona, ndi khonde ndithu, koma matabwa ake ndi a muyeso, ndipo matabwa a muyeso akalowa pakhomo pa ngolo satuluka opanda mwini. Anena mosakwiya, ngati akunena za mvula. Ndakhala pa sitepe, ndagwira mutu.

Tili chomwecho kwamveka kulira kwenikweni, kutsidya kwa dambo. Kulira kwenikweni sikusokonezeka ndi kwina. Akwaya aleka. Patapita kanthawi afika adzukulu awiri, okumba manda aja, thukuta thupi lonse. A Mateyu ogulitsa nyama pa msika agwa ku dimba mmawa uno, sanadzukenso. Munthu wamphamvu zake, wamng'ono kwa Bambo ndi zaka zambiri, dzana lomweli anali pa chisakasa changa akupepesa.

Adzukuluwo akufuna a Jailosi. A Jailosi akuti thabwa alibe ndi limodzi lomwe, onse ali apa. Onse atembenukira kwa ine. Matabwa odulidwa kale, opalidwa kale. Pa zovuta munthu sukana, ndipo ndikanakana ndikanasamuka m'mudzi muno.

Tawasuntha Bambo ndi mpando wawo, tawakhazika pakhomo. Misomali imene inalowa masiku anayi yatuluka pa ola limodzi. Abambo aja azula ndi mizati yomwe, akuti kumeneko chisakasa kulibe. Amayi a mphakati atenga ufa wawo, nkhuni zawo, adzimangirira zitenje, ulendo. Galu uja wadzuka, wawatsatira.

Chakumadzulo hamala yayamba kumveka kutsidya, katatu n'kupuma. Bambo amvetsera nthawi yaitali. Afunsa kawiri kuti wapita ndi ndani, ndawauza kawiri. Kenako akuti, “Kodi phala la mtedza lija munataya?”

A Nabanda athamanga ngati mtsikana. Adya mbale yonse, apempha nthochi.

Ndakondwa. Kutsidya mayi ndi ana ake akulira, ine ndili kuseri kwa nyumba ndikukondwa mpaka misozi. Ndikanena zimenezi kwa ansembe, koma osati sabata ino.

Lamulungu

Misa, kenako kumanda. Bokosi linali lokongola. Pambali pake ndinaona manambala anga a pensulo, amene ndinalemba poyeza khonde. Ndinayang'ana kumbali. Abale a malemu anandithokoza pagulu, akuti aphunzitsi ndi munthu woona patali.

Zimene zatsala kuseri:
maenje a mizati, a Nabanda akuti adzalamo mapapaya
misomali yopindika, chitini chodzaza
masitepe atatu, okwera kupita pamene palibe kanthu

Alongo anga abwerera ku Kasiya, akuti ulendo wina ndiziyamba ndawaimbira ndisanagule thabwa.

Pobwera kumanda ndapeza Bambo ali panja. Anauza a Nabanda ndi aneba kuti awatsitse, akhala pa sitepe yapansi, msana atatsamira yachiwiri, suti avula, ali ndi mbatata m'manja. Dzuwa likuwawomba kumaso. Akuti sitepeyi ndi yokhota koma ikhalika.

Ndakhala nawo pambali. Ndimafuna kunena kuti chaka chamawa ndidzayesanso, mwina la njerwa, koma ndadzigwira.

Atatha mbatata afunsa ngati matabwa atsalako. Ndati atsala asanu ndi limodzi, adzukulu sanawafune onse. Awerenga ndi zala za dzanja lamoyo lija, agwedeza mutu, akuti akwana.

“Usawasiye pansi. Uwaike kudenga kwa khitchini, asanyowe. Ndipo tsiku limenelo usadzandiuze za khonde.”

Ndabwereka makwerero kwa aneba. Ndawaika.