Mtambo umene ndinakatenga ku Nambuma

Inu amene mukuyang'ana mawondo angawa n'kumatsinana, sekani ndithu, koma miyendo yomweyi inandisungira banja ndili mkamwini watsopano ku Kabudula.

Masiku amenewo ndinkanyamula zitsulo kuseri kwa golosale ya a Yusufu pa Nsaru, ekiselo ya ngolo yokhala ndi zitini za simenti uku ndi uku. A Yusufuwo ankati mphamvu yongokankha pang'onopang'ono ndi ya ng'ombe, munthu azinjuta ndi chitsulo katatu, achitule, kenako adumphe kasanu ndi mtima wonse miyendo isanatope, n'kupuma. Ndinayamba ndi kudumpha mtondo, ndinabwera pa chulu, mwezi usanathe ndinkadumpha chigafa cha fodya n'kutera mbali inayo mwakachetechete, nkhuku osadzidzimuka.

Ndiye kunagwa ng'amba mu Januwale, chimanga chinapota masamba, ndipo akuchikazi anayamba kunong'ona kuti mkamwini wodyetsa zitsulo abwerere kwawo. Mkazi wanga Nachisale anandiuza kuti amalume ake andilongedzetsa Loweruka.

Lachisanu masana ndinaona kamtambo kamodzi kakuwodzera cha ku Nambuma. Ndinanjuta katatu, ndinatula chitsulo, ndinadumpha. Mukumva? Ndinadutsa nsonga za bulugama, ndinadutsa akabawi ali phee m'mwamba, mphepo inayamba kuzizira ngati madzi a mumtsuko, malata a ku Namitete akuphethira kutali, msewu wa ku Mchinji utagona ngati ulusi, ndipo kunali zii moti ndinkamva mtima wanga wokha, mpaka ndinakakhala pakamtamboko, kofewa, konunkhira dothi lonyowa, tulo n'kumandibwerera. Ndinakakwera ngati bulu, n'kukapalasa ndi manja kulowera kwathu.

Mkamwini amayamba ndi munda wa apongozi, eti? Ndinaima pamwamba pake, n'kuyamba kufinya mtambo ngati chitenje chochapa. Koma apongozi akazi anali momwemo, khasu lili paphewa, akuyang'ana kumwamba. Munthu woleredwa sapenyana ndi apongozi, ngakhale ali kumitambo. Ndinatembenuzira nkhope kumbali, n'kumangofinya, kufinya, osaona kuti mizere yadzadza kale. Ndinangomva mawu a Nachisale akukwera pang'onopang'ono ngati utsi:

"Basi, inu! Siyirani wathu!"

Pomwe mawuwo ankandipeza, m'manja munali mutangotsala kansanza kouma. Ndinakagwira m'makona n'kutsika nako ngati ambulera.

Loweruka amalume aja anabweradi, anayenda m'munda wa mlongo wawo matope akufika m'mawondo, anakhosomola, n'kubwerera kwawo osandilongedzetsa. Ndili pamudzi pomwepo mpaka lero, ndipo chaka chimenecho tonse tinadya za m'nkhokwe ya apongozi.

Munda wanga unauma, inde. Nachisale amauza anthu kuti unauma chifukwa nthawi yopalira ine ndinali pa Nsaru kudumpha zulu. Musamutsutse, ndi mkazi wabwino, koma iye anali pansi.