Makoma Anayi a Bambo Matewere

Mwambi uwu, ana inu, unayamba motere, ndipo wina asakunamizeni kuti unachokera kwa anthu osaphunzira. Unabadwira pasukulu ya ukachenjede, pakati pa anthu a mabuku.

Pasukulupo panali mphunzitsi wa zomangamanga, Bambo Matewere. Nzeru anali nazo, izo sindikana, koma makutu awo anali okongoletsa mutu chabe. Munthu asanamalize kulankhula, iwo ankamudula mawu kuti, "Ndadziwa kale." Ngakhale powauza kuti tayi yapindika, yankho linali lomwelo. Pantchito anali asanakhazikike. Anali m'chaka choyeserera, ndipo zoti akhala kapena apakira zinkadalira lipoti la Mayi Chikakuda, woyesa wochokera kusukulu ina, amene ankabwera kumapeto kwa teremu. Nkhani ya lipotiyi inkawadya mumtima.

Teremu imeneyo ophunzira uinjiniya a chaka chachiwiri ankayenera kugwira ntchito ya manja ya masabata awiri. Bambo Matewere anasankha kuti amange kanyumba kosungiramo zida kuseri kwa wekishopu, kopanda mawindo poopa akuba. Tsono chimene iwo ankadana nacho kuposa njala chinali kuonerana. Anagawa ophunzira m'magulu asanu: anayi khoma limodzilimodzi, lachisanu denga. Gulu lililonse linali ndi masiku akeake, ndipo likamaliza linkaphimba khoma lake ndi pulasitiki wakuda kunja ndi mkati. Malamulo anawamata pakhoma la wekishopu. Khoma lokhala ndi mpata uliwonse, malikisi khumi achoke. Wolankhula ndi munthu wa gulu lina, kapena woyankha aliyense wakunja kwa gulu lake pa nthawi ya ntchito, walephera. Wogumula khoma, lake kapena la mnzake, abwereze chaka.

A Kapusa, mkulu woyang'anira wekishopu, amene anali atagwira njerwa zaka makumi atatu, ndiwo anadzutsa zipilala zinayi za m'makona. Atawerenga malamulowo anakanda m'mutu.

"Aphunzitsi, pepani, mapepala a magulu ndawaona onse. Koma pali kanthu kamodzi kamene sindikukaona. Kodi gulu liti limene..."

"Ndadziwa kale, a Kapusa. Zonse zili m'mutu muno."

"Ayi, ndimati felemu ija yatsamira kuseri kwa..."

"Ndati ndadziwa kale! Inu mungoonetsetsa kuti simenti isabedwe."

A Kapusa anabwerera kukasunga simenti. Safunsa anadya phula, koma nanga wofunsa akamakanizidwa atani?

Nawonso ophunzira funsolo linawafikira. Elube, mtsogoleri wa gulu lachinayi, anaima njerwa ili m'manja n'kufunsa anzake kuti, "Kodi khomo lili mbali ya ndani?"

"Si yathu," anatero Lekani, mnzake wa m'gululo. "Khomo si mpata kodi? Ukufuna titaye malikisi khumi? Khomolo aphunzitsi anapatsa ena."

Magulu enawo anaganizanso chimodzimodzi, aliyense kuwamvera chisoni anzake amene tsoka la khomo linawagwera. Ndipo anamanga, ana inu! Makoma osalala, owongoka, oti ngakhale nyerere ikanasowa polowera.

Tsiku loyesa linafika. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mayi Chikakuda ankayembekezeka teni koloko, ndipo gulu la denga linalamulidwa kuyamba naini koloko yeniyeni n'kumaliza m'mphindi makumi anayi. Denga lenilenilo anali atalikhomera pansi, longofunika kukweza ndi kumangirira. Bambo Matewere mtima sunakhale m'malo. Anafuna kusuzumira ntchitoyo mlendo asanafike, koma sanafune kusokoneza mapulasitiki akunja, amene anakonza zoti adzavundukulidwe mwaulemu pamaso pa woyesayo. Choncho anakwera makwerero, n'kutsikira mkati pa makwerero ena, levulo yoyezera kuwongoka kwa khoma m'khwapa, mapepala a malikisi kukamwa.

Anavundukula khoma loyamba n'kuikapo levulo. Linali lowongoka bwino, lopanda ndi kabowo komwe. Anamwetulira n'kulemba malikisi onse.

Pamwamba panatulukira ophunzira a denga. Anaona aphunzitsi awo pansipo, koma lamulo ndi lamulo, palibe anatsegula pakamwa. Mmodzi anangoloza makwerero amene ankatchinga denga.

"Chotsani, chotsani!" anatero Bambo Matewere. "Ine nditulukira pakhomo. Nthawi ikutha!"

Makwerero anakwera kumwamba, denga linatera, hamala zinayamba kulira. Mkati munada, koma iwo anayatsa tochi ya pafoni, mtima uli mbee poona ana osunga nthawi chotere. Anavundukula khoma lachiwiri, nalonso malikisi onse. Lachitatu chimodzimodzi.

"Basi, ndiye kuti khomo lili kwa Elube," anadziuza okha, akupukuta thukuta.

Anakoka pulasitiki womaliza. Njerwa zokhazokha, kuyambira pansi mpaka kudenga, ndipo linali khoma lokongola kuposa onse. Anawalitsa tochi uku ndi uku. Anazungulira kawiri akupapasa. Kachitatu anayang'ana ndi pansi pomwe, ngati kuti khomo lingagwe m'thumba. Apa mantha anawagwira zenizeni.

"Inu apamwamba! Imani kaye!"

Gulu la denga linamva bwinobwino, koma linadziwa kuti umenewu ndi msampha woyesa ngati angayankhe. Linakhoma msomali womaliza kutatsala mphindi zitatu, n'kutsika monyadira.

Mayi Chikakuda anafika pa nthawi yake, mayi wofatsa wa magalasi ndi ambulera. Ophunzira anandanda, koma mphunzitsi osaoneka. A Kapusa, poona kuti mlendo akupsa ndi dzuwa, analamula kuti mapulasitiki achotsedwe. Mayiwo anazungulira kanyumbako kamodzi, n'kuzunguliranso. Ophunzira anayang'anizana, gulu lililonse likuona makoma a anzawo koyamba. Elube anagwira pakamwa.

Ndiye munamveka kugogoda. Go! Go! Go!

"Odi kunjako!"

Ana inu, chibadwire ndinali ndisanamve munthu akuodira ali m'nyumba.

"Ndani ali mkatimo?" anafunsa mayiwo.

"Ndine Matewere, mayi. Takulandirani. Ndikungomalizitsa kuyesa mbali ya mkati."

"Zikomo, bambo. Ndimafuna ndilowe tiyesere limodzi. Ndidzere kuti?"

Malata ankangothetheka ndi dzuwa.

"A Kapusa," anatero mawu a mkatimo, tsopano ofewa ngati a mwana wopempha ndiwo, "tengani hamala mubowole."

"Khoma liti, aphunzitsi?"

"Lathu ayi!" anakuwa Lekani. Magulu onse anathamangira kukaima kutsogolo kwa makoma awo, manja atatambasula. A denga anakhala pa makwerero kuti wina asayerekeze kukwera. Ndani akanalola kubwereza chaka chifukwa cha chifundo?

Mayi Chikakuda anawerenga malamulo aja modekha mpaka kumapeto. "Anawa sakulakwa," anatero. "Lamulo munalemba nokha, bambo, ndipo wolisintha ndinu. Koma musanatero ndiyankheni funso limodzi, poti ndiyenera kulemba mu lipoti. Khomo munapatsa gulu liti?"

Bambo Matewere anali atavula jekete, tayi ndi nsapato, atakhala pansi pa simenti. Anaganiza za ntchito yawo, anaganiza za mkazi wawo amene anali atauza kale abale onse kuti zatheka. Manyazi anawawawa kuposa kutentha. Kenaka anatulutsa mawu amene pakamwa pawo panali pasanatulukepo.

"Sindikudziwa, mayi. A Kapusa, kodi tsiku lija munkati chiyani?"

"Ndinkati felemu ya chitseko yatsamira kuseri kwa wekishopu, aphunzitsi. Ikadali pomwepo."

Lamulo latsopano analilemba kuseri kwa pepala la malikisi, n'kulitulutsira pa kampata ka pansi pa malata. Linati wogumula sabwereza chaka, ndipo magulu akambirane okha poika khomo. Sizinatenge ndi mphindi zisanu. Anagwirizana za khoma la Elube, loyang'ana kuwekishopu, ndipo magulu onse asanu analandirizana hamala. Bambo Matewere anatuluka chokwawa, fumbi lili mbuu m'mutu, nsapato m'manja.

Mayi Chikakuda analemba kuti ophunzira onse akhoza, chifukwa anachita ndendende zimene anauzidwa. Za mphunzitsi analemba kuti ayeserere chaka china, ndipo pepala lililonse la ntchito ya manja lizidzera kaye m'manja mwa a Kapusa. Ntchito sinathe, koma dzina la Matewere linathera pomwepo, poti onse anayamba kuwatchula kuti a Ndadziwa Kale. Kuyambira tsiku limenelo, wophunzira akadula mnzake mawu pa ntchito ya gulu, anzake ankangomulozera kanyumba kaja n'kumuuza kuti, "Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo."