Maswitchi Anu Anzeru Akundithamangitsira Apongozi

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Nyumba Yomvera.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada pansi, ine kasitomala wanu wosayenera, kuthokoza chifukwa cha maswitchi anzeru amene munandiikira m'nyumba. Kale ndinkazunzika osadziwa: ndinkatambasula chala, kudina switchi, getsi n'kuyaka pompo. Ndi digiri yanga yonseyi, umbuli umenewu sindinkauona.

Ndili ndi timadandaulo tochepa, tosayenera n'komwe kudetsa desiki yanu.

Choyamba. Mmisiri wanu, polumikiza timabokosi ta mabatani ta pakhoma ndi pulogalamu ya pafoni, anachita zonse atakhala pasofa, mwendo pamwamba pa unzake. Atamaliza anandionetsa foni nati, "Zatheka, bwana, onani zonse zabiriwira." Nditamupempha kuti akasuzumire ngati babu layakadi, anandiyang'ana mwachifundo, ati zimenezo n'zachikale. Ndiye batani la kumutu kwa bedi langa limalamulira chipinda cha alendo, la kwa alendo limalamulira kwathu.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. M'chipinda cha alendomo muli apongozi anga, amene abwera kudzaona mdzukulu wawo wakhanda. Madzulo akangotsegula buku lawo la nyimbo, ine n'kudina kuti ndizimitse kwathu, mdima umagwera iwo. Ndikudziwa kuti sindiyenera kudina, koma chala changa sichinapite ku yunivesite. Iwonso akadina m'mawa kuti aone poponda, makatani athu amatseguka mwaulemu wonse, ine ndili ndi thaulo lokha, maso ndi maso ndi aneba akuthirira maluwa. Tsopano anebawo amandipatsa moni akuyang'ana kumbali.

Ndinayesa kuwafotokozera apongozi za pulogalamu. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Bambo a mwana, mlendo sapirikitsidwa pomusunga mumdima ngati mleme. Mungonena kuti mayi pitani, basi ndimaidziwa pokwerera." Chikwama chawo chili kale pakhomo, akuti anyamuka Loweruka. Mkazi wanga wanenetsa kuti mayi ake akapita chonchi, iye ndi khanda atsatira, ine nditsale ndikucheza ndi nzeru zanga za pakhomazo.

Chachitatu n'chaching'ono. Nditafuna kukonza ndekha, pulogalamu yanu inandiuza kuti ndilibe chilolezo. M'nyumba mwanga! Ndinaimba ku ofesi kwanu, ndipo ndithokoze, nyimbo imene mumatiikira podikira ndaidziwa yonse, ndimagonekera mwana.

Pempho langa ndi ili, Bwana, ngati sindikudzikweza: mutumize mmisiri uja Loweruka lisanafike. Foni ija aisiye, abwere ndi miyendo yokha, ayende kuchoka pasofa kukafika kuchipinda, ndipo akawauze yekha apongozi kuti wozimitsa ndani.

Zikakanika, bwerani inuyo mudzamve kukoma kwa katundu wanu. Chipinda cha alendo chidzakhala chopanda munthu, zofunda zochapa kale. Batani lake lili kwa ine.

Ine wanu wogwada mumdima,
Mkamwini wopanda chilolezo.