Amalume Amene Sankadya

Mpaka lero, ndikalowa m'tchalitchi mwathu ku Laurel, pamapezeka munthu mmodzi kapena awiri amene amandigwira dzanja ndi nkhope yachisoni n'kundifunsa kuti amalume adzuka bwanji. Sadikira yankho. Amatembenuka msanga, mapewa akugwedezeka. Ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze ndekha mmene zinthu zinayendera, popeza nkhani imene ikuzungulira m'mafoni yawonjezeredwa zambiri, pamene zoona zake zokha n'zokwanira kundichititsa manyazi.

Kuwedza ndinayamba nditafika kuno, ndili munthu wamkulu kale. Si kuwedza kumene tinakula nako, kokolowetsa nyongolotsi pa mbedza n'kukhala pansi. Uku munthu amamanga tinthenga ndi ulusi pa kambedza kakang'ono mpaka kaoneke ngati ntchentche, amavala buluku la mphira lofika pachifuwa, amalowa mumtsinje, ndipo amaponya chingwe mwakuti kantchentche kaja katere pamadzi mwakachetechete, ngati kachilombo kamene katopa ndi kuuluka. Nsomba yake ndi trauti. Ukaigwira umaiyang'ana pang'ono, n'kuibwezera m'madzi. (Mkazi wanga anandipempha kuti mbali yomalizayi ndisamawafotokozere abale a kumudzi, angaganize kuti Amereka yandizunguza mutu.)

Ntchito yanga ndi yowerenga malipoti a anthu ena ndi kuwongola ziganizo zawo, mu ofesi yopanda zenera. Munthu wotere Loweruka likafika amafuna malo amene palibe womufunsa kanthu. Malowo ndinawapeza chaka chatha, kumpoto kwa kumene tikukhala: kamtsinje kosatchuka, mlatho wakale poimika galimoto, kanjira kodutsa m'mitengo, kenako dziwe laling'ono pansi pa mtengo wogwa. M'dziwemo munali trauti yaikulu kuposa zonse zimene ndinaonapo, ya chipsera pamsana.

Owedza a mtundu uwu ali ndi lamulo losalembedwa: dziwe lako suuza munthu. Kunena zoona, lamuloli lili ndi maziko ake. Dziwe lotere limakwana munthu mmodzi. Pakafika anthu atatu madzi amavunduka, nsomba zimachenjera, ndipo bata limene unalitsatira limatha. Choncho ndinatseka pakamwa. Wodziwa anali mkazi wanga yekha, amenenso sizinkamukhudza.

Nsomba ija inali ndi khalidwe. Ndikaiponyera kantchentche, inkatuluka pansi pa mtengo pang'onopang'ono, kukayang'anitsitsa, n'kubwerera osanena kanthu. Zimenezi zinandikumbutsa mchimwene wa mayi anga, amene anatisiya kalekale, munthu amene ankatha kuyang'ana mbale imene mwamuikira n'kukuchititsani kumva kuti mwalakwa. Ndinayamba kuitchula kuti Amalume. Ndikabwerera kunyumba mkazi wanga ankafunsa mwachipongwe kuti amalume ali bwanji, ine n'kuyankha kuti lero sanadyenso. Inali nthabwala ya m'nyumba, ndipo ikanathera momwemo pakanapanda a Tembo.

A Tembo ndi mnzathu wa ku Lusaka amene amakhala ku Germantown koma amapemphera nafe. Nawonso amawedza trauti. Ndi munthu wabwino mtima mopitirira muyezo, ndipo vuto lawo ndi lomwelo: sadziwa kusunga chinthu chabwino okha. Nsomba iliyonse imene agwira amaijambula n'kuitumiza pa gulu la abambo la pafoni, pamodzi ndi mayendedwe onse okafikira pamalopo. Lamlungu lina titaweruka, tikumwa tiyi m'chipinda chapansi cha tchalitchi, anandikokera pambali.

"Manje imwe, pa Satade muyenda kuti kuseniseni, kusanache? Napitako kawiri pa nyumba panu, motoka kulibe. Niuzeniko chabe, sinizauza munthu."

"Ndimapita kukaona amalume," ndinatero.

Ndikukumbukira kuti ndinadzitamanda mumtima. Ndinaphunzira za zinenero ku yunivesite, ndipo ndinaona kuti chiganizocho chinali choona m'mawu ake onse. A Tembo anadabwa kuti ndili ndi amalume kuno osawauza, nafunsa mmene analili. Ndinayankha monga ndinkayankhira kunyumba, kuti ali bwino ndithu, kungoti sakudya.

Mawu akuti "sakudya" mungawanene kwina kulikonse popanda chovuta. Musawanene pa gulu limene ambiri mwa anthu ake ndi anamwino ndi osamalira okalamba. Mayi Kachingwe, namwino wa zaka zambiri amene amatsogolera amayi oyendera odwala mumpingo mwathu, anali kumbuyo kwanga akuthira shuga. Anaika supuni pansi.

Anandifunsa mafunso mwadongosolo, monga amachitira kuntchito, ndipo ine ndinayankha lililonse moona. Akhala nthawi yaitali bwanji osadya? Chiyambire mwezi watha. Madzi akumwa? Ndinati madzi okha ndiye sawasowa. Amayenda? Ndinati samayendayenda, amakonda kukhala malo amodzi pansi pa mtengo. Amakhala ndi ndani? Okha. Amayankhula? Ndinavomereza kuti sanandiyankhulepo. Nanga ndimawapatsa chiyani? Ndinafotokoza kuti ndimawasinthira zakudya sabata iliyonse, koma amangoyandikira, kuyang'ana, n'kubwerera. Mayi Kachingwe anapukusa mutu n'kunena kuti zimenezi amaziona kawirikawiri kwa okalamba amene akusowa kwawo.

Onani mmene chinenero chathu chinandithandizira kudzikola. Ndikananena kamodzi kokha kuti "siikudya", nkhani yonse ikanathera pomwepo, chifukwa aliyense akanadziwa kuti ndikunena nyama kapena chinthu. Koma ndinali nditaipatsa nsomba ulemu wa munthu wamkulu, ndipo ka "a" kameneko kanainyamula kuichotsa m'madzi n'kuikhazika pa mpando, itafunda bulangete.

Lamlungu lotsatira amalume anawerengedwa pa mndandanda wa odwala. Mpingo wonse unaweramitsa mitu. Ine ndinaweramitsa wanga kuposa onse. Tili m'galimoto pobwerera, titadutsa maloboti atatu, mkazi wanga anati: "Mwapemphereretsa nsomba, bambo. Anthu achoka kuntchito m'mawa uno osagona, abwera kudzapempherera nsomba." Anandiuza kuti ndiulule sabata yomweyo.

Ndinalonjeza kuti ndikonza, ndipo ndinakhaladi pansi kulingalira. Njira zinalipo zitatu. Ndikanatha kunena kuti amalume achira, koma mpingo ukanafuna kuti abwere adzathokoze okha kutsogolo. Ndikanatha kunena kuti abwerera kumudzi, koma aliyense wa ife akudziwa chimene chimachitika munthu akamveka kuti akukwera ndege ya ku Lilongwe: pakhomo panga pakanadzaza nsapato, mafoni ndi mabotolo a mavitamini oti akapereke ku Kasungu ndi ku Chipata. Yachitatu inali kuwapha, ndipo imeneyi sindinaiganizire nthawi yaitali, chifukwa anthu akanabwera kudzakhala nafe pa siwa n'kufunsa za thupi. Njira yachinayi, yonena zoona, ndinaiona ndithu, koma inkadutsa pa dziwe langa. Ndinasankha kudikira (ili ndi dzina laulemu la kusachita kanthu).

Mayi Kachingwe anapempha kawiri adiresi ya amalume. Koyamba ndinati sakonda alendo. Kachiwiri ndinati malo ake ndi ovuta kufikako, galimoto imasiyidwa patali. Zonsezi zinali zoona, ndipo zonsezi zinangowonjezera nkhawa yawo.

Loweruka limene zinthu zinathera linali lokongola kwambiri. Dzuwa linali litangofika pamwamba pa mitengo, tizilombo tikuuluka pamadzi, mphepo kulibe. Ndinali nditaima m'madzi ofika m'chiuno, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona Amalume akukwera m'mwamba ndi cholinga. Ndinakweza ndodo kuti ndiponye. Pamenepo ndinamva masamba ouma akuphwanyika kumbuyo kwanga, ndiponso mawu a mayi, odekha ndi aulemu.

"Odi kuno."

Thupi limayankha zimene linaphunzira lisanafunse mutu. Ndinati, "Fikani," ndili pakati pa mtsinje.

Pagombe panali Mayi Kachingwe, atavala chitenje ndi nsapato zawo zoyera za kuntchito, dzanja lina fulasiki, lina foni. Pambuyo pawo amayi ena awiri, mmodzi atanyamula thumba la nthochi ndi malalanje, wina bulangete latsopano. Pomalizira panali a Tembo, amene anadzipereka kuwayendetsa pa galimoto yawo. Anali atayenda kanjira konse kaja kufunafuna nyumba. Anayang'ana buluku langa la mphira, ndodo, mitengo, kenako ine.

"Achimwene," anatero Mayi Kachingwe, "amalume ali kuti?"

Ndinafufuza m'mutu chiganizo china choona m'mawu ake onse. Sindinachipeze. Ndinaloza ndi ndodo pansi pa mtengo wogwa uja. Tonse tinayang'ana. Ndipo nsomba ija, imene inandikana masabata onsewo, inasankha mphindi yomweyo kukwera pamwamba pa madzi, msana wonse poyera, n'kumeza kachilombo kenikeni kamene kanali kuyandama. Madzi anachita timizere tozungulira, n'kukhalanso bata.

Kenako Mayi Kachingwe anati, mawu awo osasintha ngakhale pang'ono: "Ndiye ayamba kudya."

Amayi awiri aja anakhala pansi pa chipika. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi ngodya ya bulangete la amalume. Mayi Kachingwe sanaseke. Anandiuza kuti nditulukemo m'madzimo, ndipo nditafika pagombe, madzi akuchucha, anandidziwitsa mofatsa kuti anasinthanitsa shifiti ndi mnzawo kuti abwere, ndiponso kuti phala limene linali mu fulasiki analiphika mbandakucha, losalala bwino kuti munthu wovutika kumeza alithe. Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanakweza. Ndinapepesa, ndipo kameneka kanali koyamba pa nkhani yonseyi kuti ndinene chinthu chimene tanthauzo lake linali limodzi.

Anati chakudya chopita kwa wodwala sichibwerera kunyumba. Anandikhazika pa chipika, kundithirira phala m'chivundikiro cha fulasiki, n'kundiyang'anira mpaka nditamaliza. Popeza kachipangizo koyezera kuthamanga kwa magazi anali atakanyamula kale, anandiyezanso, n'kunena kuti kwakwera. Pemphero limene anakonzera amalume analipereka kwa ine, atangosintha mawu ochepa.

M'nthawi yonseyi a Tembo sanaseke nawo, ndipo zimenezi n'zimene zinandiopsa. Anali ataima m'mphepete mwa dziwe, manja kumbuyo, akuyang'ana mtengo wogwa, mmene madzi amakhotera, ndi kanjira kochokera ku mlatho, ngati mwana wasukulu amene akuloweza. Pomaliza anapuma mozama n'kuti, "Apa ni pabwino maningi, mudala." Ndinawapempha, pamaso pa amayi atatu ndi phala lili kukamwa, kuti malowa akhale pakati pathu. Anagwira pachifuwa n'kulonjeza kuti sadzauza munthu. Ndisanafike pa galimoto foni yanga inalira. Chinali chithunzi cha dziwe pa gulu la abambo. Nditawafunsa pambuyo pake, anadabwa kwambiri: iwo sanauze munthu, anangouza abale.

Kunyumba ndinapeza mkazi wanga akupinda zovala. Mafoni athu amaonetsana pamene aliyense ali, chinthu chimene ndinachikhazikitsa ndekha chifukwa cha chitetezo. Sanakane kanthu. "Mayi Kachingwe anandifunsa kumene amalume amakhala," anatero. "Ine kusewera ndi mawu ngati inu sindikudziwa. Ndinangowatumizira pamene foni yanu inali."

Loweruka lotsatira pa mlatho paja panali magalimoto atatu. Mwezi usanathe anthu anayamba kubwera ndi mipando yopinda ndi ana, ena osawedza n'komwe. Malowo tsopano ali ndi dzina: aliyense amati kwa Amalume, ngakhale Azambiya a ku Annandale amene sindinakumanepo nawo. A Tembo anaigwira nsomba ija pa ulendo wawo wachiwiri, ndi kantchentche komangidwa moipa kwambiri moti ine sindikanakaika m'bokosi langa. Anaibwezera m'madzi, ndiyenera kuwayamikira pamenepo. Pansi pa chithunzi analemba kuti ba malume apereka moni kwa mwana wa mlongo wawo.

Ndalingalira nthawi yaitali za chimene ndiyenera kuphunzirapo. Mkazi wanga akuti phunziro lake ndi lakuti chiganizo chikhoza kukhala choona m'mawu ake onse n'kukhalabe bodza, ndipo sindingamutsutse. Mayi Kachingwe akuti ndichepetse mchere.

Ndinapeza dziwe lina. Sindinena kuti lili chakuti, ndipo foni ndimaisiya pa tebulo kunyumba. Mulinso nsomba yaikulu, imene ikandiyang'ana imafanana modabwitsa ndi azakhali anga a ku Dedza, koma ndadziletsa. Mkazi wanga akandifunsa ndikabwerako, ndimayankha mosamala, ndikutchula chilembo chilichonse: siikudya.