Seva Inatchula Dzina Langa Lokha

Lolemba lapitali ndinapereka kwa abwana anga, ndi manja awiri, lipoti la masamba anayi londineneza ine ndemwe. Ndinalisindikiza ndekha, ndinalimanga ndekha ndi sitepula, koma sindinaliwerenge. (Ineyo, amene ndinakhala zaka zisanu ndi ziwiri m'nyumba yolemba nkhani ndikudzudzula anzanga otumiza nkhani osaibwereza.)

Ndimagwira ntchito pa bungwe lina la alimi a mtedza ndi soya kuno ku Chipata. Anandilemba kuti ndizikonza kalata ya alimi ya mwezi ndi mwezi, koma tsiku lina ndinachotsa pepala lomwe linakanirira mu pulinta, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chokhala ndi nthambo ndi changa. Onse amandiitana a Mtolankhani.

Mu ofesi tilipo khumi ndi mmodzi. Aliyense ali ndi sikirini ndi kiyibodi patebulo pake, koma ntchito yonse imachitikira mu kompyuta imodzi yaikulu, seva, imene imakhala m'chipinda chosungira masaka. Intaneti nayonso ndi imodzi, ndipo kwa miyezi iwiri inkayenda ngati ngolo yodzaza njerwa. Kalata yopita kwa ogula ku Lusaka inkatenga theka la ola kuti ichoke.

A Jere, manijala wathu, anatisonkhanitsa. "Pali wina akuonera mavidiyo nthawi ya ntchito," iwo anatero. "Ndikamupeza anyamule chikwama chake. Sindidzafunsa kuti ndi mwana wa yani." Ananena izi pamaso pa apampando a komiti, omwe anabwera panjinga yamoto kuchokera ku Madzimoyo, ndipo apampandowo anazilemba.

Kenako a Jere anacheukira kwa ine. "A Mtolankhani, makinawa angathe kutchula munthu?"

"Angathe, bwana," ndinayankha. Sindinkadziwa.

Ndinawerenga masiku awiri. Nkhani yake ndi iyi. Makina otulukira pa intaneti amaona tsamba lililonse lotsegulidwa, koma amangodziwa kuti pempho lachokera ku seva. Ndiye pali kapulogalamu kotchedwa ident, kamene kamakhala pa seva, pa khomo nambala 113. Makina aja akakafunsa kuti watsegula apa ndani, iko kamayankha dzina la munthu. Ntchito yake ndi yomweyo basi.

Malangizo amene ndinapeza ankati poyesera ndilembe dzina limodzi pa mzere wina mu fayilo ya kapulogalamuko, kaziyankha lomwelo nthawi zonse, ndione ngati yankho likufika. Dzina la yani? La a Jere ayi, dzina la munthu wamkulu siloseweretsa. La mayi Sakala, mlembi wathu, ayinso. Ndi msinkhu wa mayi anga. Ndinalemba langa. Ndinatsegula tsamba, dzina langa linaoneka, ndinasangalala, ndinatuluka kukagula chimanga chowotcha. Mzere woyeserawo sindinaufufute.

Seva inalemba sabata yathunthu.

Lolemba a Jere analandira lipotilo tonse tili chiimire mu ofesi mwawo. Anavala magalasi. Anawerenga tsamba loyamba, anatsegula lachiwiri, anabwerera ku loyamba. Kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasiwo.

"Mpira wa ku Ulaya, inu," anayamba kuwerenga. "Makwaya, inu. Magalimoto ogulitsa, inu. Kaphikidwe ka keke ya ukwati, inu. Kalukidwe ka tsitsi, inunso."

Dazi langa linayamba ndili ndi zaka makumi atatu.

"Mukufuna kuluka chiyani pamenepo, a Mtolankhani?" anafunsa mayi Sakala chapansipansi. Ena anaseka, koma kuseka kwa anthu amene apulumuka pangozi. Aliyense ankazindikira tchimo lake likuwerengedwa pa dzina langa, ndipo panalibe wotukula dzanja.

Ine ndinkaona ana anga awiri akubwezedwa kusukulu, ndinkaona katundu wathu ali pa kalole ka kanta kubwerera kumudzi, ndinkamva apongozi akufunsa mkazi wanga kuti bambo amakekewo ali kuti. Ndinayesa kufotokoza za khomo 113, koma munthu wonjenjemera akamatchula manambala amamveka ngati wakuba.

"Lachitatu, 10 koloko, munali pa masamba asanu ndi atatu nthawi imodzi," anatero a Jere. "Muli ndi maso angati?"

"Umboni ndi womwewo, bwana. Munthu mmodzi sangathe."

"Ndiye makina anu anama?"

"Ananena zomwe ndinawauza."

"Munawauza kuti wakuba ndinu?"

Anandipatsa mpaka Lachisanu, tsiku la komiti. Ndikabwera ndi dzina lina, ndapulumuka. Ndikalephera, mawu aja apampando anawalemba kale.

Kufufuta mzere woyesera uja kunanditengera mphindi imodzi. Ndinapempha mayi Sakala atsegule tsamba la zanyengo, ndipo dzina lawo linaoneka. Ndinawauza kuti tsopano makina akutchula anthu moona. Kuuza mayi Sakala ndi kulengeza pa wailesi. Pofika masana ofesi yonse inali italapa. Wampira analeka, wakeke analeka. Apa mantha anakula: anthu onse akakhala oyera, pepala lokhalo lokhala ndi wolakwa ndi lija la dzina langa.

Koma intaneti sinachire.

Lero Lachinayi ndasindikiza lipoti latsopano, ndipo ili ndaliwerenga. Muli dzina limodzi lodya intaneti kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Makwaya okhaokha, nyimbo imodzi kubwerezedwa kakhumi. A Jere amaimba besi kutchalitchi kwawo, ndipo mwezi wamawa kuli mpikisano. Amatseka chitseko, kuika timahedifoni m'makutu, n'kumasaina makalata akung'ung'udza. Ndikukhulupirira kuti m'mtima mwawo nyimbo za Mulungu sizidutsa pa nthambo imodzi ndi mpira.

Ndinagogoda pachitseko chawo.

"Bwana, dzina lapezeka. Ndimati muliwone muli nokha."

"Iyayi," anatero, akuphimba maso ndi dzanja. "Musandionetse. Angadzati ndinateteza m'bale wanga. Mudzaliwerenge mawa pamaso pa komiti, mokweza."

"Koma bwana, mwina munthuyo ndi wamkulu."

"Ukulu wake ngwa chiyani? Mukuopa? Ine ndili kumbuyo kwanu." Anandisisita paphewa, n'kubweza hedifoni m'khutu.

Chimene ndaphunzira n'chakuti makina alibe ulemu, ndipo munthu wofuna kuwaphunzitsa ulemu amathera pa lipoti. Ngakhale zili choncho, madzulo ano ndinapezeka ndatsegulanso fayilo ija, ndikudzifunsa ngati kapulogalamuko sikangauzidwe kuti kakafika pa dzina la a Jere kazikhala chete. Kangathe. Ndinayang'ana mzerewo kwa nthawi ndithu, kenako ndinatseka osasintha kanthu, osati chifukwa cha chilungamo ayi, koma chifukwa dzinalo likasowa wotsala ndine.

Komiti ikumana mawa 9 koloko. A Jere adzatsegula ndi pemphero, apampando adzawerenga lonjezo lija la a Jere lochotsa wolakwa, kenako adzaitana ine.