A Laisoni ndi Apusi a ku Dimba la Eneles

Aliyense kuno kumunsi kwa Mua akudziwa kuti malemu a Laisoni sankawombera chinthu chili pafupi. Pusi akakhala pamphuno pawo penipeni akukukuta chimanga cha eni, iwo ankatembenuka n'kuyamba ulendo, kamfuti paphewa, mpaka pusiyo azioneka ngati chiwala. Apo m'pamene ankati ntchito yayambika.

Kamfutiko anabwera nako kuchokera ku esiteti ina komwe ankalondera mbewu ali mnyamata. Kanali kowonda ngati ndodo ya m'busa, zipolopolo zake ngati nyemba, kulira kwake ngati wina wathyola kamtengo kouma. Anyamata ankati n'kophera nsabwe. Koma kabawi amene anamaliza anapiye m'mudzi muno anagwa ali pansonga pa mlambe wa kutsidya kwa msewu, a Laisoni ali pakhonde pawo, ndipo amene anapita kukatola anabwerako akupempha madzi akumwa. Ena amalumbira kuti tsiku lina anawombera ali ku Mua, khwangwala n'kukagwera pamsika wa Golomoti. Limenelo ndi bodza, koma eni ake sanalitsutsepo.

Vuto lawo linali kuchedwa. Ankagona chafufumimba pachulu, mfuti n'kuitsamiritsa pakathumba ka mchenga, kenako kutapa m'thumba la malaya mankhusu a mpunga wa ku Bwanje n'kumawaza m'mwamba kuti aone mphepo. Mwera ukamawomba ankadikira. Ukaleka ankati waleka mwachinyengo, n'kudikirabe. Akazi awo, mayi Kadzuwa, amati ngakhale kufunsira kunayenda chomwecho: bambowa anayamba kuwayang'ana ali kutsidya kwa mtsinje, mvula n'kugwa, n'kutha, n'kugwanso, asananene kanthu.

Amene anatopa nawo kuposa tonse ndi Eneles. Dimba lake ndi lomalizira m'tsinde mwa phiri, pamene apusi amayambira akamatsika. Mwamuna wake anapita ku Joni n'kungoti zii, ndiye chimanga cha m'dimbamo ndicho chinkawolotsa iye ndi ana ake awiri miyezi ya njala. Tsono apusi a kuno ndi ochenjera. Mwamuna amamuthawa, koma mkazi amangomuyang'ana ngati mlamu wawo. Amadziwanso pamene mwala wowagenda umathera, ndipo amakhala patsogolo pake pang'ono n'kumasenda chimanga mosafulumira.

Chaka chilichonse Eneles ankakawatenga a Laisoni, ndipo chaka chilichonse ankakangana.

"Agogo, si uyu ali apayu? Mukupitanso kuti?"

"Make Tadala, wapafupi ndi wa legeni. Ine ndikufuna uyo wakhala pamwamba pa mtengo, wolondera anzake."

"Pofika inu kuchuluko chimanga chikhala chitatha."

"Ithapo mizere iwiri. Ndikaphonya, chitha chonse."

Eneles ankakhala pansi, mwana kumsana, n'kumaonerera mizere iwiri ija ikupita, mtima ukuwawa. Dzuwa likafika paliwombo pankamveka kuti thwa, mlonda uja n'kugwa ngati papaya lakupsa. Anzake posaona kumene imfa yachokera ankabalalika mpaka kuseri kwa phiri, osabweranso mpaka chimanga chitakololedwa. Eneles ankapita ndi mondokwa wowotcha kukathokoza, koma akung'ung'udzabe za mizere yake. A Laisoni ankadya mondokwayo n'kunena kuti mchere wachepa.

Chaka chatha anadwala. Miyendo inatupa, manja n'kuyamba kunjenjemera. Sitikudziwa anawauza ndani apusi, koma anatsika ndi ana awo omwe. Eneles analimbana nawo mpaka mawu kusasa, kenako anapita kukagwada pakhomo pa odwalawo. Mayi Kadzuwa anakana, amvekere munthu wolephera kugwira kapu ya tiyi angagwire bwanji mfuti. Koma mkati munamveka mawu akuti aitane wa kabaza.

Zakariya wa kabaza anawakweza panjinga n'kumakankha, Eneles atawagwirira kumbuyo. Atafika pachulu chawo cha masiku onse, a Laisoni anati pali pafupi. Anawapititsa pachulu china, anati palinso pafupi. Zakariya anapukuta thukuta n'kufunsa ngati akufuna akawombere ali ku Mtakataka. Pomaliza anawagoneka pansi pa mtengo wa bwemba. Anawaza mankhusu, anadikira, anawazanso. Eneles ankaona nsonga ya mfuti ikuvina.

Kunamveka kuti thwa. Pamtengo sipanagwe kanthu. Kumunsi m'dimba, ndowa yothirira ya Eneles, imodzi yomweyo, inayamba kutulutsa madzi m'nthiti. Pusi wolondera uja anayang'ana ndowayo, anadzikanda, n'kupitiriza kudya.

A Laisoni sanachotse tsaya pamfuti.

"Ndowa imeneyo inasuntha," anatero.

Eneles anali ndi mawu a zaka zambiri amene anawasungira tsiku ngati limeneli. Anayang'ana manja aja akunjenjemera pa mchenga.

"Eya agogo, inenso ndinaiona. Inasuntha."

A Laisoni sanaigwirenso mfutiyo. Anatisiya mvula yoyamba isanagwe, ndipo mwana wawo anakapereka kamfutiko kupolisi poti chiphaso chinali m'dzina la bambo ake. Pamaliro anthu anaseka nkhani ya ndowa mpaka kupukuta misozi, osadziwika kuti misozi yake ndi iti.

Chimanga chimene Eneles anapulumutsa chaka chimenecho chinakwana m'dengu limodzi. Ndowa anaimata ndi pulasitiki wosungunula, koma imadonthabe. Tsopano kumadimba kumangomveka zitini ndi mawu osasa a azimayi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo madimba a m'tsinde mwa phiri akusiyidwa limodzilimodzi. Chaka chino Eneles wadzala anyezi yekhayekha. Tadala atamufunsa kuti nanga mondokwa adzadya kuti, anangomuyankha kuti watopa kulimira alendo.